Kayendedwe ka Tonde Higby

New York,
16 Febuluwale 1931.

Okondedwa achemwali anga a Ludmila,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga a Bedrich ndi ana. Ife kuno tikudzuka. Anezka wamera mano awiri ndipo akuluma chilichonse chimene chamuyandikira. Chifuwa chija chinatha. Phukusi lanu linafika Lachiwiri. Masokosi amukwana mlamu wanu Irma, koma soseji anafika ataphwanyika, tinangodya choncho ndipo anakoma. Kuzizira kwa chaka chino sikukusiya malo, madzi a m'mipope ya nyumba yathu aundana kawiri.

Makalata anu awiri apitawo ndinawayankha mozemba, ndipo inu mukudziwa. Munafunsa kuti kuno kunachitika chiyani, popeza chibwerere bambo sakamba za ulendo wawo, popita kutchalitchi akudzera kuseri kwa nkhokwe za tirigu, ndipo atenga ndodo imene anaikana zaka makumi awiri. Ine ndinakuyankhani za nyengo ndi za mwana. Lero ndikuuzani. Bambo anandiletsa, koma m'kalata yanu yomaliza mwalemba kuti a Novotny aika makina a mawu m'nyumba yawo ya kanema ndipo makatuni athu ayamba kufika kwathu ku Wilber mwezi wamawa. Mwalemba mokondwa, mpaka kunena kuti banja lonse lidzakhala pamzere wakutsogolo. Choncho palibenso chobisira.

Ntchito yathu mumaidziwa pang'ono. Tilipo amuna asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya mipando, aliyense ndi tebulo lake lagalasi loyaka getsi kunsi. Timajambula ndi pensulo, pepala pamwamba pa pepala, kenaka atsikana a chipinda china amapitamo ndi inki. Kuti tonde wathu Higby angonyamula mwendo n'kuuponda pamafunika zithunzi khumi ndi ziwiri. Masabata atatu aliwonse timatulutsa kakanema kamodzi ka mphindi zisanu ndi ziwiri, kamene amakaonetsa kanema wamkulu asanayambe, anthu ena akufunafunabe pokhala.

Chaka chatha mu Epulo zinthu zinafika poipa. Anthu amene amagula makatuni athu n'kumawagawa m'nyumba za kanema anatumiza mawu oti tonde wathu sakuseketsa aliyense. Makampani ena ali ndi amphaka ovina ndi achule oimba, ife tinali ndi mbuzi yongoyenda ngati mbuzi. A Brannigan, eni kampani, anatisonkhanitsa m'mawa wina, ndudu ili kukamwa.

"Mbuzi yanuyi ndi yakufa," anatero. "Mwaiveka chipewa, mwaipatsa thumba la makalata, ikadali yakufa. Chinthu chikamabwera, munthu azichidziwira patali ndi kayendedwe. Pofika Lachisanu wina andipatse mbuzi yamoyo, apo ayi tonse tikaima pamzere wa supu yaulere ya amphawi, ine kutsogolo."

Nthawi imeneyo Irma anali ndi pakati pa miyezi isanu. Sindikunena izi pofuna kudziyeretsa, ndikungonena mmene zinalili.

Anzanga anayesa. Nunzio, Mtaliyana wanthabwala amene tebulo lake n'loyandikana ndi langa, anayenda ngati chidakwa, kenaka ngati bakha. A Brannigan ankangoyang'ana kudenga. Ndiye ine ndinaimirira. Ndikanakonda kulemba kuti zinangondichitikira ndisanaganize, koma ndinaganiza. Ndinayenda kuchokera pazenera kukafika pachitseko monga bambo amayendera: phewa lakumanzere kutsika, mwendo wakumanja kuzungulira panja ngati chikwakwa, kuima pang'ono, kenaka mutu kudzuka ngati palibe chachitika. Mukudziwa kuti ndimatha. Munandiwomba mbama chifukwa cha zomwezi ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, chaka chotsatira ngolo ya tirigu ija itawagwera, mutandipeza ndikuseketsa ana a kwa Kadlec kuseri kwa khola.

Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Nunzio anachita kutsamira khoma, misozi ikutuluka.

"Bwereza," anatero a Brannigan. Ndinabwereza. "Wazitola kuti zimenezi?"

"Kwa mkulu wina wogulitsa nyuzipepala kufupi ndi kwathu," ndinatero.

Anzanga akamajambula kayendedwe amaima pakalilole n'kumadziyang'ana. Ine kalilole sindinamufune. Masiku awiri okha zonse zinali papepala, ngakhale kampweya kaja kamene bambo amakoka mwendo ukamadutsa. Zakugwa sindinayambitse ndine. Nunzio ndiye anati mbuzi yotere izigwa, a Brannigan n'kuvomera, munthu wa zoimbira n'kuikapo mluzu mwendo ukamazungulira ndi ng'oma mbuzi ikafika pansi. Koma kugwako ndinakujambula ndi dzanja langa, ndipo ndinakujambula bwino.

Irma anali akadali pa ntchito ya inki. Bambo anali atawaona kamodzi kokha, paukwati wathu. Tsiku limene zojambula zanga zinafika kuchipinda cha inki, nthawi ya nkhomaliro anabwera ndi pepala limodzi n'kuliika patebulo pafupi ndi buledi wanga.

"Awa ndi apongozi anga," anatero.

"Ndi mbuzi."

"Mbuzi yake iti yokhala ndi phewa la a Sedlak? Musandipusitse a Ota, ndakhala ndikulitsata ndi inki chiyambire m'mawa."

Ndinamuuza kuti ku Wilber kulibe makina a mawu, makatuni athu safikako, bambo sadzaona.

"Ndiye kuti mukudziwa kale kuti sayenera kuona," anatero, n'kutenga pepala lake.

Kakanemako kanayenda malonda. Pamene Anezka ankabadwa mu Ogasiti tinali titapanga tina tinayi, ndipo m'masitolo munayamba kupezeka tizidole tachitsulo ta Higby, toti ukapotokola kiyi timatsimphina patebulo. A Brannigan anandisamutsira pa tebulo la pazenera. Ndinasangalala, achemwali, sindibisa. Masiku ena Loweruka ndinkalowa m'nyumba ya kanema n'kukhala kumbuyo kuti ndingomva anthu akuseka, ndipo za bambo sizinkandibwerera m'mutu.

Mutalemba mu Novembala kuti akubwera kudzaona mdzukulu wawo, chinthu choyamba chimene ndinachita ndi kubisa kachidole kathu m'bokosi la malasha. Anafika Lachiwiri. Masiku anayi ndinawazungulitsa mzinda. Ndinawaonetsa mlatho, sitima zapamadzi, nyumba zazitali zimene akumanga. Iwo chimene chinawagwira mtima ndi akavalo a ngolo za mkaka. Anaimitsa woyendetsa wina n'kumuuza kuti lamba akumudya kavalo pachifuwa, amumasule bowo limodzi. Munthuyo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, koma anatsika n'kumasula.

Loweruka m'mawa, tikumwa tiyi, anati, "Ndakhala m'sitima masiku awiri. Mlatho ndauona. Tsopano ndione chimene chimakudyetsa."

Ndinafufuza m'nyuzipepala mpaka ndinapeza kanyumba ka kanema komwe ankaonetsabe kakale, ka Higby asanayambe kutsimphina. Tinapita masana. Munali ana okhaokha ndi amayi awo. Chimene sindinadziwe n'chakuti dzulo lake anali atasintha n'kuika katsopano.

Poyamba bambo anaseka. Muli nkhumba yapolisi imene imameza wezulo wake, ndipo ikati iyankhule imangolira ngati mbalame. Anaseka mpaka kundigunda ndi chigongono. Kenaka Higby anatulukira pamwamba pa kaphiri, chipewa kumutu, thumba paphewa, n'kuyamba kutsetsereka. Ana anakuwa dzina lake. Bambo anasekabe pang'ono, masitepe awiri kapena atatu. Kenaka ndinamva chigongono chawo chikuchoka pa mkono wa mpando umene tinatsamira tonse. Sanatembenuke. Anaonera mpaka kumapeto, ndi kanema wamkulu yemwe, maola awiri athunthu, chipewa chili pabondo. Mukandifunsa kuti kanemayo anali wa chiyani sindingakuuzeni.

Magetsi atayaka tinadzuka. Kanjira kotulukira n'kokwera, ndipo mukudziwa kuti pachitunda mwendo uja umazungulira kwambiri. Titangoyenda pang'ono, kamtsikana kena kumbuyo kwathu kanati, "Amayi, taonani Higby." Sikananene mwachipongwe. Kanali kokondwa, ngati kaona munthu wotchuka. Ana ena anacheuka. Atatu anayamba kuwatsanzira, mmodzi akuimba mluzu uja. Amayi ena anakalipira ana awo, ena anaseka atagwira pakamwa. Bambo anaima. Anagwira mpando n'kuima pomwepo mpaka holo yonse inatha, kutsala ife awiri ndi mayi wosesa. Atatero anavala chipewa, tinatuluka.

Kunyumba Irma anangotiyang'ana kamodzi n'kudziwa. Lamulungu bambo anakana kupita nafe kutchalitchi, anati mwendo watopa. Titabwerako tinawapeza atamasula lamba wa kangolo ka mwana, akumusoka mwatsopano, akuti amene anasoka poyamba ankathamangira sitima. Ndinakhala nawo pafupi n'kuyamba, "Bambo." Iwo anati, "Ndipatsire phula ilo," n'kupitiriza kupaka ulusi. Ndinawapatsira. Ndinakhalabe pamenepo ola lathunthu ndikuonerera manja awo.

Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala jekete lawo la kutchalitchi.

"Tiye kuntchito kwako," anatero.

Masitepe okwerera kuntchito kwathu ndi ambiri ndipo ndi opapatiza. Ndinati ndiwagwire mkono, anandichotsa dzanja. Ine ndinalowa poyamba. Nunzio anali atayamba kale, "Aise, wachedwa, mbuzi yako yatidyera mapepala," koma mawu anamuthera pakamwa. Palibe amene anafunika kuuzidwa. Anthu amene kwa miyezi isanu ndi iwiri anakhala akujambula mwendo umenewo anauona ukudutsa pakati pa matebulo awo. Nunzio anaimirira n'kuwapatsa mpando wake, makutu atafiira.

A Brannigan anatuluka mu ofesi atatambasula dzanja. "Ndiye inu ndinu wogulitsa nyuzipepala uja," anatero, maso ali pa ine.

"Ine ndimasoka malamba a akavalo," anatero bambo.

Anapempha kuona mapepala. Ndinawapatsa mulu wa sitepe imodzi n'kuwaonetsa mmene timawapeperetsera ndi chala kuti chithunzi chiyende. Anayesa kawiri, kachitatu kanatheka. Kenaka anayamba kuyang'ana limodzilimodzi, monga amayang'anira msoko wa munthu wina.

"Onsewa ndi a sitepe imodzi?"

"Eya, bambo."

"Wajambula wekha?"

"Ndekha."

"Phewa walipeza," anatero m'Chicheki, chiyankhulo chathu. "Dokotala uja phewa limeneli sanalione, ankangoyang'ana mwendo. Maso uli nawo." Anasanja mapepalawo bwinobwino n'kuwaika patebulo. "Koma pamodzi wanama. Mbuzi ija inagwa kasanu ndi kawiri, ndinawerenga. Ine unandionapo nditagwa?"

Ndinaganiza, achemwali. Ndinafufuza zaka zonse, pa madzi oundana kutsogolo kwa positi ofesi, m'matope a kumsika wa ng'ombe, tsiku la maliro a amayi pamene anaumirira kunyamula nawo bokosi.

"Ayi," ndinatero.

"Chindigwereni ngolo ija sindinagwepo pamaso pa munthu. Ukuyesa zimangochitika zokha? Ndisanaponde ndimayamba ndaona popondapo, tsiku lililonse, kuyambira podzuka. Iwe unaona mwendo. Zimenezi sunazione."

A Brannigan anafunsa kuti mkuluyu akuti chiyani. Ndinawamasulira, mawu ndi mawu, anthu onse akumva.

"Musakhumudwe, achikulire," anatero a Brannigan. "Anthu amabwerera kugwako. Si inuyo, ndi mbuzi chabe."

"Sindikuyankhula ndi inu, bwana," anatero bambo m'Chingerezi chawo chija. "Ndikuyankhula ndi mwana wanga."

Anadzuka, anagwedezera mutu onse, n'kutsika okha. Njira ya kunyumba anali ataiphunzira kale. Kenaka Nunzio anasendera kwa ine.

"Aise, ukanatiuza."

"Ndikanakuuzani mukanatani?"

Anakanda kumutu. "Tikanajambulabe," anatero. "Koma sindikanaseka chonchija."

Bambo ananyamuka Lachitatu, masiku atatu lisanakwane tsiku limene tinagwirizana. Kusiteshoni ananyamula Anezka nthawi yaitali akumuyankhula m'Chicheki. Anathokoza Irma chifukwa cha buledi wa paulendo n'kumuuza kuti ndi mkazi wanzeru. Ine anandigwira chanza. "Usawauze achemwali ako," anatero. "Ali ndi zawo zokwanira." Mawu anali pakamwa panga, koma sitima inachoka ndisanawatulutse.

Mwina mukuyembekeza kumva kuti ndinasiya ntchito. Sindinasiye. Ndinapita kwa a Brannigan kukapempha kuti Higby achire mwendo.

"Mbuziyo ndi ya kampani, ndi mwendo womwe," anatero. "Chitseko ndi icho. Ukachoka aijambula Nunzio, ndipo ameneyo sadziwa polekezera, izigwa kakhumi."

Kunyumba ndinauza Irma kuti ndichoka basi. Anali akusambitsa mwana, sanadzutse n'komwe mutu.

"Mukachoka, mwendo wa apongozi utsala m'nyumba za kanema za dziko lonse, inu muli pakhomo kundipinga m'khitchini," anatero. "Kuchokako kukomera mtima wanu, osati wawo. Khalani pomwepo mukonze chimene chingakonzeke."

Ndiye mu Disembala ndinalemba kankhani, Nunzio akundithandiza. Mtsinje waundana ndipo makalata ayenera kuwoloka. Nkhumba yapolisi iyesa, igwa. Ng'ombe yovala siketi iyesa, igwa. Atsekwe asanu agwa motsatana ngati mbale zogwa pashelefu. Higby aima m'mphepete, ayang'ana popondapo, n'kuyamba kuwoloka ndi kayendedwe kake komweko, mluzu ukulira, ng'oma ili chete. Katatu apendekeka mpaka ndevu kukhudza pansi, katatu mutu udzukanso. A Brannigan anati n'kuwononga mapepala, mbuzi yosagwa ndi ng'oma yosalira aziyang'ana ndani. Koma analola kuti tiyese kamodzi.

Kanayamba kuonetsedwa masabata awiri apitawa. Ndinapita masana, m'kanyumba komwe kaja. Ana anaseka nkhumba, anaseka atsekwe. Higby ali pakati pa mtsinje holo inakhala chete, mwana wina n'kumati, "Agwa, agwa." Atafika kutsidya anawomba m'manja. Lolemba lake a Brannigan anadutsa pa tebulo langa n'kungoti, "Kena ngati komweko." Ndinawafunsa ngati ndiye kuti mbuzi yasiya kugwa. Anati malinga anthu aziwomba m'manja. Mawu awo ndi amenewo, kaya akhalitsa bwanji.

Musayese kuti ndikunena kuti ndakonza zinthu. Mwendo ndi womwewo, ndinautenga osapempha, ndipo ana akuutsanzirabe m'misewu. Komanso ku Wilber ayamba ndi takale, motsatana, ndipo togwa tilipo tisanu ndi tinayi tisanafike ka mtsinje. Kuno bambo anali mlendo, kamtsikana kaja kanangofanizira. Kwathuko aliyense adziwa pa sitepe yoyamba, kuyambira wansembe mpaka ometa tsitsi, ndipo adziwanso wojambula chifukwa dzina langa limalembedwa koyambirira. Ndinalembera a Novotny kuwapempha kuti ayambe ndi katsopano. Sanayankhe, ndipo mwina si iwo amasankha.

Ndapempha tchuthi cha sabata imodzi. Ndifika Lachinayi pa 12 Malichi ndi sitima ya masana, kakanema koyamba kasanaonetsedwe Loweruka. Irma ndi mwana atsala, ulendo ndi wautali ndipo kukuzizirabe. Alamu asavutike kudzandichingamira, ndilibe katundu wambiri. Bambo akafuna kupita kukaonera ndidzakhala nawo, ndipo anthu a Wilber akafuna woti amuyang'ane ndidzakhala ndilipo. Akapanda kufuna ndidzakhala nawo m'shopu yawo ya malamba.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Muwauze kuti ndikubwera, asadzangondiona pakhomo. Kalatayi kaya muwawerengera kaya ayi, inu ndi amene mumawadziwa. Chachiwiri, mukhale pansi ndi ana anu, Jarmila ndi Lumir, muwafotokozere asanamve kusukulu. Akadzaonera n'kuseka musadzawamenye. Chinthucho chinapangidwa kuti chiseketse, ndipo amalume awo anachipanga bwino. Inuyo zimene mukufuna kundiuza musawonongere pepala, mudzandiuza maso ndi maso, ndidzamvetsera.

Moni kwa alamu anga, kwa ana, kwa azakhali a Bozena ngati akumvabe, ndi kwa onse ondifunsa. Irma akupereka moni, akuti chithunzi cha Anezka atumiza chikangotsukidwa.

Ndi bambo. Muwapatse moni wanga. Musawauze kuti Ota akupepesa. Ndinakhala nawo masiku anayi m'nyumba imodzi zitachitika zimenezi, mawuwo sindinawanene, ndipo sayenera kuwamvera pakamwa panu kapena papepala. Akakana kundiona ndidzagona kwanu, m'mawa mwake ndidzapitanso.

Ndine mlongo wanu,
Otakar.